Msewu ulipo pa mapu, koma kodi ambulansi idutsa? Kuyeza misewu ndi ulendo wa wodwala ku Phalombe

Pakati pa mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha ku Nkhulambe, kum'mawa kwa phiri la Mulanje. Matope ndi miyala yochokera m'phiri zinawononga chipatala chaching'ono cha m'deralo, milatho inakokoloka, ndipo kwa masiku ambiri thandizo linkafika pa helikopita kapena pamutu pa anthu oyenda pansi. Koma munthu amene akanatsegula mapu a misewu pa kompyuta sabata imeneyo akanaona mzere wochokera ku Nkhulambe kukafika ku Migowi uli bwinobwino, ngati kuti dalaivala wa ambulansi angathe kungoliza galimoto n'kunyamuka.

Mapu sananame. Msewuwo unalembedwa m'kaundula, uli ndi gulu lake ndi utali wake. Chomwe munalibe m'kaundulamo ndi chimene namwino amafuna kudziwa akamatumiza mayi wotaya magazi: kodi lero msewuwo ukudutsika, ndipo ulendo utenga nthawi yaitali bwanji? Ziwerengero za misewu zimasonkhanitsidwa ndi anthu ena, pa zolinga zina, ndipo ndi bwino kuti ogwira ntchito zaumoyo adziwe mmene zimapangidwira, chifukwa ndi zomwezo zimene zimagwiritsidwa ntchito powerengera kuti anthu angati m'boma ali kutali ndi chipatala.

Misewu ya maiko ndi malo a Phalombe

Kuyambira mu 1971, bungwe la United Nations loona zachuma mu Africa lakhala likulimbikitsa ndondomeko ya misewu ikuluikulu yolumikiza maiko, yotchedwa Trans-African Highway. Misewu isanu ndi inayi yoyambirira ya ndondomekoyi ndi yotalika makilomita oposa 56,000 yonse pamodzi. Iwiri imene ili pafupi ndi Malawi imalambalala dziko lino: wina umachokera ku Cairo kudzera ku Tanzania ndi Zambia kulowera kummwera, wina umachokera ku Beira kudzera ku Harare ndi Lusaka kukafika ku Lobito m'dziko la Angola. Malawi amalumikizana ndi misewu imeneyi kudzera m'misewu ikuluikulu ya chigawo cha SADC komanso njira zamalonda zopita kumadoko a Nacala, Beira ndi Dar es Salaam.

Kwa anthu a ku Phalombe, msewu wa maiko umene uli pafupi ndi M2, wochokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo ndi Mulanje mpaka pachipata cha Muloza. Kutsidya kwake kuli Milange, ndipo kuchokera kumeneko msewu umapitirira ku Mocuba m'chigawo cha Zambezia. Phalombe amaufikira msewu umenewu pa Chitakale, kudzera mumsewu wa tala wa Zomba–Jali–Phalombe–Chitakale, womwe unatenga zaka zambiri kuti uthe. Kum'mawa kwa phiri kulinso njira ya Chiringa–Muloza, yomwe mbali yake yaikulu yakhala yafumbi kwa nthawi yaitali.

Misewu ya m'Malawi inagawidwa m'magulu. Ikuluikulu ili ndi chilembo M, yotsatira S, kenako T, ndipo ya m'maboma D. Palinso misewu ya m'midzi yambirimbiri yopanda nambala. Bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, limasamalira magulu apamwambawo, pamene ya m'maboma ndi ya m'midzi ili m'manja mwa makhonsolo. Chiwerengero chomwe chakhala chikutchulidwa kwa zaka zambiri n'chakuti misewu yolembedwa m'kaundula ndi makilomita 15,451, ndipo ya tala ndi yongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Kugawa kumeneku kuli ndi zotsatira zake. Msewu ukakhala wa gulu lapamwamba umayezedwa kawirikawiri ndiponso ndi zida zabwino. Ukatsika gulu, zodziwika za iwo zimachepa. Kamsewu kochokera kumudzi kukafika kuchipatala chaching'ono, komwe ndi koyamba pa ulendo wa wodwala aliyense, kali pansi penipeni pa mndandandawo.

Zomwe akatswiri a misewu amayeza

Muyezo wodziwika kwambiri ndi International Roughness Index, mwachidule IRI, womwe Banki Yaikulu Padziko Lonse inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1980 pambuyo pa kafukufuku amene anachitikira ku Brazil mu 1982. Galimoto yokhala ndi chida choyezera imayenda pamsewu, ndipo chidacho chimawerengera mmene galimotoyo ikudumphira mmwamba ndi pansi. Kudumphaku kumaphatikizidwa n'kulembedwa m'mamita pa kilomita iliyonse. Msewu wa tala watsopano umakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Wafumbi wokumbika ndi wa maenje umayambira cha pa 8 kukwera mmwamba. Masiku ano ngakhale foni yam'manja yomangiriridwa bwino m'galimoto imatha kupereka chiyerekezo cha muyezo umenewu.

Kuwonjezera apo, akatswiri amayenda n'kumalemba ming'alu, maenje, ngalande zotsekeka, makalavati ndi milatho. Amawerenganso magalimoto odutsa patsiku ndi kulemera kwa katundu wa malole. Zonsezi zimalowetsedwa m'mapulogalamu a kompyuta, monga HDM-4, omwe amathandiza kusankha msewu woyenera kuyamba kukonzedwa. Mawerengedwe ake amadalira kwambiri ndalama zimene eni magalimoto angapulumutse pa mafuta, matayala ndi nthawi msewu ukakonzedwa. Choncho msewu wodutsa malole mazanamazana patsiku umapambana mosavuta kamsewu kodutsa njinga, ngolo ndi ambulansi imodzi pa sabata. Palibe chinyengo pamenepa. Funso limene mawerengedwewo amayankha ndi lazamalonda, osati lazaumoyo.

Pali chinanso. IRI imayeza msewu umene galimoto yoyezera yatha kudutsa, ndipo ntchito yotere imayenda bwino nthawi yachilimwe. Mlatho umene madzi amaukwera m'mwezi wa Febuluwale suoneka m'ziwerengero zotengedwa mu Ogasiti.

Muyezo umene uli pafupi ndi nkhawa za azaumoyo ndi Rural Access Index. Umawerenga anthu akumudzi amene amakhala mkati mwa makilomita awiri kuchokera pamsewu wodutsika chaka chonse, ndipo ndi umodzi mwa miyezo ya zolinga zachitukuko za United Nations zofika chaka cha 2030, pa nambala 9.1.1. Malinga ndi malangizo a muyezowu, msewu umene umatsekeka kwa masiku asanu ndi awiri kapena kuposerapo pachaka suwerengedwa kuti ndi wodutsika chaka chonse. Apa ndiye pagona nkhani. Kuti munthu adziwe kuti msewu unatsekeka masiku angati, payenera kukhala wina amene anali pomwepo n'kumawerenga masikuwo. Zithunzi za setilaiti zimaonetsa kumene msewu wadutsa, koma sizingawerenge masiku amene mtsinje unadzaza. Pakasowa wowerenga, ofufuza amangoyerekeza potengera mtundu wa msewu, kutsetsereka kwa malo ndi kuchuluka kwa mvula.

Chifukwa chake Phalombe ndi wovuta kuyerekeza

Boma la Phalombe, lomwe linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, linali ndi anthu 429,450 pa kalembera wa 2018. Kummwera kwake kuli phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo pafupi ndi boma pali phiri la Michesi. Kumpoto kuli chigwa chathyathyathya chotsikira ku nyanja ya Chilwa. Misewu ya m'bomali imavutika m'njira ziwiri zosiyana.

M'munsi mwa phiri, mitsinje monga Thuchila, Phalombe ndi Sombani imatsika mwaliwiro. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amafika pansi m'kanthawi kochepa, nthawi zina kumudzi kusanagwe ngakhale dontho. Mtsinje umene mwana amaoloka m'mawa ungathe kukokolola njinga yamoto masana, kenako n'kuphwera usiku. Kutsekeka kotere n'kwa maola chabe, ndipo n'chifukwa chake sikulembedwa paliponse. Koma madziwo akabwera ndi miyala ndi mitengo, monga zinachitikira pa napolo wa pa 10 Marichi 1991 yemwe anachokera m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, kapena pa Freddy, mlatho umapita wonse ndipo mtsinje umatha kusintha njira. Pamenepo kutsekeka kumakhala kwa milungu kapena miyezi.

Kuchigwa vuto ndi lina. Dothi lakuda la makande likanyowa limaterera ndipo galimoto zimatitimira. Madzi amakhalitsa chifukwa alibe kotsikira. Msewu sukokoloka, umangosanduka dambo. Pa mapu misewu iwiri yafumbi, wina wa m'munsi mwa phiri ndi wina wa kuchigwa, imalembedwa mofanana ndipo kompyuta imaipatsa liwiro lofanana.

Palinso nkhani ya njira. Kuchokera ku Nkhulambe, njira yachidule yopita ku boma imadzera pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi. Ina imazungulira Michesi kudzera ku Chiringa. Kompyuta ikafunsidwa, imasankha yaifupi. Dalaivala wa ambulansi amasankha imene akudziwa kuti afika, ndipo chisankho chake chimasintha ndi nyengo.

Maola awiri

Mu 1994, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anafotokoza kuchedwa kwa mitundu itatu kumene kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika, ndi kuchedwa kulandira chithandizo choyenera akafika. Msewu uli pa kuchedwa kwachiwiri, koma umakhudzanso koyamba. Banja limene likudziwa kuti mtsinje wadzaza, kapena kuti wakabaza akweza mtengo chifukwa cha matope, limayamba ladikira kuti kuche.

Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira angathe kumwalira mkati mwa maola awiri ngati sathandizidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maola awiri anasandukira malire m'kafukufuku wa zaumoyo. Mu 2015, gulu la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linati munthu ayenera kutha kufika m'maola awiri pachipatala chochita maopaleshoni atatu ofunika kwambiri: wotulutsa mwana, wotsegula pamimba, ndi wa fupa lothyoka lotulukira kunja. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu Lancet Global Health mu 2018 anapeza kuti anthu 29 mwa 100 alionse kummwera kwa chipululu cha Sahara amakhala kutali kopitirira maola awiri kuchokera pachipatala chachikulu cha boma.

Ziwerengero zotere sizipezeka poyendetsa ambulansi m'midzi yonse. Ofufuza amatenga mapu a misewu, mapu osonyeza kumene anthu amakhala ndi malo a zipatala, n'kuziphatikiza m'pulogalamu monga AccessMod ya bungwe la WHO. Kenako amauza kompyuta liwiro la gulu lililonse la msewu. Liwirolo likalakwika, mapu onse alakwika, ngakhale akhale okongola chotani.

Chitsanzo chongowerengera chingathandize. Msewu wafumbi wa makilomita 20, pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndi ulendo wa mphindi 20. Pa liwiro la makilomita 15 pa ola, lomwe si lachilendo m'matope, ndi mphindi 80. Koma ambulansi nthawi zambiri sikhala pachipatala chaching'ono. Imachokera kwina, choncho msewu womwewo iudutsa kawiri, ndipo mphindi 80 zija zasanduka 160. Apo n'kuti nthawi yoimba foni, yofufuza dalaivala ndi mafuta, komanso ulendo wa mayiyo kuchokera kunyumba isanawerengedwe. Mudzi umene pa mapu uli mkati mwa theka la ola uli kunja kwa maola awiri aja.

Kutsegulidwa kwa chipatala chachikulu cha boma ku Migowi, chotchedwa John Chilembwe, kunasintha mawerengedwe a m'bomali, chifukwa kwa zaka zambiri odwala ofunika opaleshoni ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family kapena kutumizidwa kunja kwa boma. Mtunda wafupika kwa ambiri. Koma kwa anthu a kuseri kwa phiri ndi a m'mphepete mwa Chilwa, chimene chimalamula ulendo si makilomita a pa tala, ndi malo awiri kapena atatu oolokera amene ali pakati pa mudzi ndi talayo.

Zomwe azaumoyo ali nazo kale m'manja

Anthu amene amadutsa misewu ing'onoing'ono chaka chonse, mvula kaya dzuwa, ndi alangizi a zaumoyo popita ku sikelo ya ana, madalaivala a ambulansi, onyamula magazi ndi makhololo okayezetsa pa njinga yamoto, ndi anthu odzipereka a m'makomiti a zaumoyo. Palibe katswiri wa misewu amene angafanane nawo pa kudziwa kumene galimoto imatitimira. Chovuta n'chakuti nzeruzi zimathera m'macheza. Aliyense pachipatala amadziwa kuti "paja pamavuta", koma pamsonkhano wa khonsolo mawu akuti pamavuta salemera ngati pepala losonyeza kuti malowo anatsekeka masiku 23 pakati pa Disembala ndi Marichi, ndipo odwala angapo otumizidwa anabwerera panjira.

Sipafunika fomu yatsopano. Ogwira ntchito zaumoyo ali kale ndi makaundula ochuluka kuposa nthawi yawo, ndipo fomu yowonjezera imadzazidwa mwezi woyamba basi. Chofunika n'kulemba mokwanira m'mabuku amene alipo. Pa wodwala aliyense wotumizidwa pali nthawi zinayi zoyenera kulembedwa: imene ambulansi inaitanidwa, imene inanyamuka, imene inafika pachipatala chaching'ono, ndi imene wodwala anafika kuchipatala chachikulu. Nthawi zinayizi zimasiyanitsa vuto la msewu ndi vuto la mafuta kapena la kusowa kwa galimoto. Popanda izo, kuchedwa kulikonse kumakankhiridwa ku msewu, ndipo nthawi zina msewu umakhala wosalakwa. M'buku la galimoto dalaivala awonjezere njira imene anadzera, ndi malo amene anaima kapena kubwerera.

Maulendo amene alephereka ndi ofunika kuposa amene atheka, koma ndi amene salembedwa. Ambulansi ikapanda kunyamuka chifukwa mlatho wamira, m'buku la galimoto simulowa kanthu. Sikelo ikalephereka, malipoti a mwezi amangoonetsa kuti ana obayidwa katemera achepa. Mzere umodzi wonena tsiku, malo ndi chifukwa ndi wokwanira kusunga umboniwo.

Kwa mlangizi wa zaumoyo ndi komiti ya m'mudzi, ntchito yaikulu ndi kalendala ya malo oolokera. M'dera lililonse malo ovuta sakhala ambiri. Malo aliwonse apatsidwe dzina limodzi limene onse agwirizana, popeza mtsinje womwewo umatha kudziwika ndi maina osiyana m'midzi yoyandikana, ndipo ngati pali foni yokhala ndi GPS manambala a malowo alembedwe kamodzi. Kenako tsiku lililonse la dzinja munthu wokhala pafupi alembe ngati padutsika ndi galimoto, ndi njinga yamoto yokha, wapansi yekha, kapena sipadutsika konse. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa bokosi la katemera limaoloka pa njinga yamoto, koma mayi amene akukomoka ndi kuthamanga kwa magazi sangakwere kabaza. Masiku amene padutsika bwino alembedwenso. Kope lokhala ndi masiku oipa okhaokha silisonyeza ngati masiku enawo panali bwino kapena wolemba anaiwala.

Zithunzi zimathandiza, makamaka zikajambulidwa pamalo amodzimodzi nthawi zosiyana. Koma wina asalowe m'madzi othamanga kapena kuima pamlatho wogumuka pofuna chithunzi, ndipo dzina kapena nkhope ya wodwala zisapezeke m'zolemba za msewu.

Kumene zolembazi zimagwira ntchito

Phindu loyamba silidikira kuti msewu ukonzedwe. Chipatala chimene chikudziwa kuti njira yake imatsekeka kawirikawiri mu Januwale ndi Febuluwale chili ndi chifukwa chomveka chopemphera mankhwala a malungo, zoyezera malungo, ORS, mankhwala othira m'madzi akumwa ndi oxytocin mvula isanayambe. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unali usanathe pamene Freddy anadula misewu, ndipo katundu amene sanafike nthawi yabwino anasowa podzera. Amayi a m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje angalangizidwe kupita kuchidikiro msanga kuposa anzawo a pafupi ndi tala. Omwa ma ARV amene akuyenera kulandira mankhwala a miyezi ingapo angapatsidwe tsiku lobweranso losagwera pakati pa dzinja. Ofesi ya zaumoyo ya boma ingasankhe poimika ambulansi m'miyezi ya mvula potengera maola enieni, osati makilomita.

Phindu lachiwiri limadzera m'makomiti a chitukuko. Zofuna za midzi zimachokera ku VDC kupita ku ADC mpaka kukhonsolo, komwe zimapikisana ndi midadada ya sukulu, mijigo ndi misika. Kalavati imodzi kapena mlatho waung'ono ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuthira tala, ndipo nthawi zambiri ndi umene umasandutsa msewu wa chilimwe kukhala wa chaka chonse. Kalendala ya malo oolokera imasonyeza kalavati yoyenera kuyamba. Zolemba zomwezo zingakonzenso mapu a OpenStreetMap, omwe munthu aliyense wophunzitsidwa pang'ono angawonjezeremo msewu kapena kusonyeza kuti ndi wa nyengo, ndipo ndi mapu amene ofufuza ambiri ndi mabungwe othandiza pa ngozi amadalira.

Tala nayo ili ndi mbali yake imene IRI siiona. Msewu wosalala umawonjezera liwiro, ndipo ukadutsa pakati pa misika ndi masukulu, pomwe oyenda pansi, njinga ndi akabaza amagawana kanjira kamodzi ndi magalimoto, zipatala zimayamba kulandira othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Bungwe la iRAP limayeza misewu pa chitetezo, n'kumapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu poona zinthu monga malo oyenda apansi, pooloka, makona ndi liwiro pa mamita 100 alionse. Koma kumene ngozi zikuchitikiradi kumadziwika ndi olandira ovulala. Ambiri a iwo, makamaka ogwa pa kabaza, safika kupolisi. M'kaundula wa odwala nthawi zambiri mumangolembedwa kuti ndi ngozi yapamsewu. Kuwonjezera dzina la malo, nthawi, ndiponso ngati wovulalayo anali wapansi, wapanjinga kapena wokwera njinga yamoto, kumapatsa khonsolo ndi Roads Authority poyambira posankha malo oika zikwangwani, mabampu ndi pooloka ana asukulu.

Nthawi yabwino yokonzekera zonsezi ndi Okutobala, mvula isanagwe: kugwirizana maina a malo oolokera, kusankha wolemba pa malo alionse, ndi kukumbutsana za nthawi zinayi zija. Makope asonkhanitsidwe kuchipatala mwezi ndi mwezi limodzi ndi malipoti ena, chifukwa kope losungidwa m'nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje lingathe kupita ndi madzi omwewo amene likuwawerenga.